Dayamondi wanga wa ku Malosa

Ndiyambe ndi kuyeretsa mbiri ya mnyamata amene anandigulitsa miyalayo, chifukwa kwathu kuno ena akumamunena kuti anandibera. Sanandibere. Tsiku loyamba lomwe, nditaloza mwala wakuda pa saka yake n'kufunsa kuti umenewu ndi chiyani, iye anayankha mosabisa kuti, "Ejirini ameneyu, bwana." Anabwerezanso kachiwiri. Ine ndinamva, ndinagwedeza mutu, ndipo mumtima ndinamumvera chisoni kuti mwana wa eni ake sukulu sanapite nayo patali.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera m'boma la Zomba. Za masamuzo ndanena dala, kuti mudziwe kuti sindinagwe chifukwa chosatha kuwerengera. Ndinawerengera zonse bwinobwino, mpaka manambala awiri a kuseri kwa kadontho.

Matenda anga anayamba mu February 2022. Tili m'chipinda cha aphunzitsi kudikira tiyi, mnzanga wina anandionetsa pa Facebook chithunzi cha mwala wakuda bii, wonyezimira ngati nsapato ya msilikali pa pelete. Ankautcha The Enigma. Kampani ya Sotheby's inali itangougulitsa ku London pa mtengo wa mapaundi 3.16 miliyoni. Unali dayamondi wakuda wolemera makarati 555.55. Karati imodzi ndi magalamu 0.2, ndiye mwala wonsewo unali wa magalamu 111, kulemera kwa tomato mmodzi wa pamsika wa Songani. Ndinagawa msangamsanga kuseri kwa rejisitala ya Folomu 3: mapaundi oposa 5,000 pa karati imodzi. Tiyi anafika, koma ndinamumva kuchepa shuga.

Usiku umenewo ndinawerenga pa intaneti mpaka bandulo kutha. Ndinapeza kuti dayamondi wakuda wa mtundu umenewu amatchedwa carbonado, ndipo amapezeka ku Brazil ndi ku Central African Republic. Olembawo ananena momveka kuti kupatula mayiko awiriwo n'kovuta kumupeza kwina. Maso anga analumpha chenjezolo n'kukatera pa mawu akuti Central Africa. Kodi dziko lathu lino silinkatchedwa British Central Africa asanalipatse dzina la Nyasaland mu 1907? Ndinagona ndikumwetulira ngati munthu amene watulukira chimene atsamunda anaiwala kunyamula.

Patchuthi cha Isitala kunabwera alamu anga ochokera ku Joni. Poti mlendo amaonetsedwa zabwino, ndinawatengera pamwamba pa phiri la Zomba mpaka ku Chingwe's Hole. Amene munafikako mukudziwa kuti kumakhala anyamata ogulitsa miyala, atayala pa masaka kudikira alendo. Pa saka ya mnyamata wina panali miyala yotuwa ngati utsi, ina yoyera, ndiye panali yakudayo: yaitali, yowongoka, ya nsonga ngati mikondo, yonyezimira moti munthu n'kudzionera. Anati imachokera kuphiri la Malosa, kumene iwo amatsika ndi zingwe m'maphedi kukaitola m'mphako za thanthwe. Ndinagula kachidutswa kamodzi pa K2,000, osanenerera n'komwe. Alamu anandiseka kuti ndagula makala. Ndinawasiya aseke.

Titafika kunyumba ndinadikira kuti amayi akunyumba apite kuchigayo. Ndinapita pa zenera la kuchipinda n'kukhwekhwereza kamwala kaja pa galasi. Kanasiya mzere woyera, wakuya moti chikhadabo chinkakodwa. Aliyense m'Malawi muno amadziwa kuti chimene chimadula galasi ndi dayamondi. Ndinajambulanso mzere wachiwiri kuti ndisadzinamize, kenako wachitatu chifukwa chongosangalala. Mizereyo ilipo mpaka lero, ndipo amayi akunyumba amaonetsa alendo.

Koma ine si munthu wotengeka ndi umboni umodzi. Ndinawerenga kuti mwala uliwonse uli ndi kulemera kwakekwake poyerekeza ndi madzi ofanana nawo kukula, ndipo nambala imeneyi sinama. Mayesedwe ake ndi osavuta. Umayamba wayeza mwalawo pa sikelo. Kenako umaika kapu ya madzi pa sikeloyo, n'kuibweza pa ziro, n'kumangirira mwalawo ku ulusi, kuumiza wonse m'madzimo koma osagunda pansi kapena m'mbali. Nambala yoyamba uigawe ndi yachiwiri. Ndinabwereka sikelo ya mulabu ya pasukulu, ndinanama kuti ndikukonzekera phunziro. Mwala uli wouma unalemera magalamu 35.4. Uli m'madzi, sikelo inaonetsa magalamu 10.0. Yankho: 3.54.

Pa tebulo la manambala limene ndinapeza pa intaneti, quartz anali pa 2.65, tourmaline kungopitirira 3 pang'ono, ruby ndi sapphire pa 4.0. Dayamondi anali pa 3.52.

Abale anga, ndinakhala pansi pa simenti. Ndinabwereza katatu, yankho osasuntha. Kusiyana kwa 0.02 ndinakukankhira kwa ulusi wonyowa. Tebulolo linali ndi miyala yodziwika yokha, ya m'mphete ndi m'mikanda, ndipo mwala wotchedwa ejirini munalibe. Kusowako kunandilimbitsa mtima: chinthu chimene pa intaneti palibe, ndiye kuti ndi dzina lopeka anyamata a kuphiri.

Kuno ku Zomba kuli likulu la dipatimenti ya boma yoona za miyala ndi nthaka. Ndimadutsa pafupi nayo nthawi zambiri ndikapita kutauni. Ndikanalowa ndi kamwala kanga m'thumba la malaya, nkhani ino ikanathera pomwepo, pa K2,000. Sindinalowe. Ndinaganiza kuti akangoona andilanda, mawa lake phiri lonse alitchinga ndi waya. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinalidya ndi supuni, nditavala tayi.

Alamu okha ndiwo ndinawanong'oneza. Nditawaonetsa galasi ndi masamu, kuseka kuja kunatha, anatulutsa R4,000 imene anasungira malata a nyumba ya apongozi. Kwa amayi akunyumba ndinapita ndi nkhani ina. Ndinati ndikufuna mpamba woyambira kuweta nkhuku zoyera, ndipo akanditengere K450,000 ku banki mkhonde yawo, pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi.

"Khola lili kuti, abambo?" anafunsa.

"Timanga ndi phindu loyamba," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma Lachinayi anabwera nazo ndalamazo zitakulungidwa pa mpango.

Mnyamata uja ndinakamupeza kumudzi kwawo m'munsi mwa phiri, nditakwera minibasi ya ku Liwonde kenako kabaza. Nditamuuza kuti ndikufuna yakuda yonse imene ali nayo, anadabwa, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi katoni. Miyala yambiri inali timikondo tating'onoting'ono. Koma pansi pake panali chinthu chimene anachikulunga ndi thonje, nyuzipepala, ndi juzi yakale ya mwana. Anachitsegula pang'onopang'ono ngati akuvula khanda. Unali mwala woyera, wotuwirako, waukulu ngati chikhatho changa, ndipo pamwamba pake panaima mikondo isanu yakuda. Wapakati unali wautali kuposa chala changa chachikulu chapakati, inayo itapendekera uku ndi uku ngati nyanga. M'tsinde mwake munamera timiyala totuwa ngati utsi. Ngakhale ine, amene ndinkangoona mapaundi, ndinaona kuti n'chokongola, ndipo ndinachijambula ndi foni.

"Uyu yekha, bwana, musamamugwire kunsongaku," anatero. "Mugwire kunsi. Nsonga ikangobenthuka, watha. Azungu amafuna nsonga."

Ndinati ndamva. Anatchula mtengo, ndinalipira osapempha kuti atsitseko, mpaka iye anachita manyazi n'kundiwonjezera mapeyala anayi. Pobwerera chikumbumtima chinandigunda pang'ono, poti ndinkadziona kuti ndamudyera masuku pamutu. Ndinachitontholetsa polonjeza mumtima kuti zikayenda ndidzamumangira nyumba ya malata, mwinanso kumulipirira sukulu kuti adzadziwe mayina enieni a miyala.

Tsopano tafika pamene ndimalakalaka n'tangodumpha.

Ndinalingalira kuti wogula dayamondi amagula pa karati, ndipo sangalipire mwala woyera umene wamatirira kunsiwo, monga wogula mtedza salipira makoko. Usiku, ana atagona, ndinayala saka kuseri kwa khitchini, ndinatenga nyundo ndi msomali wa sikisi inchi. Ndinayamba ndi ing'onoing'ono. Pomaliza ndinafika pa wa mikondo isanu uja. Ndinaika msomali m'tsinde mwa mkondo wapakati, ndinamenya kamodzi. Unathyoka patatu. Inayo inatsatira, ina kung'ambika mlitali ngati nkhuni za bulugamu. Kufewa kwakeko kunandidodometsa, ndiye ndinatsegulanso intaneti. Ndinapeza kuti dayamondi, ngakhale palibe mwala umene ungamukande, amasweka ndithu akamenyedwa ndi nyundo. Zimenezi n'zoona. Mzere wotsatira unkanena kuti carbonado yekha ndiye wovuta kwambiri kuswa, chifukwa ndi timiyala tambirimbiri tolukanalukana. Mzere umenewo ndinauwerenga miyezi iwiri pambuyo pake.

Zoyera zonse ndinakataya kudzala. Zakuda ndinatsuka ndi sopo, ndinayeza: makilogalamu 2.1. Amenewo ndi makarati 10,500. Kuchulukitsa ndi 5,000, mapaundi 52.5 miliyoni. Ndinadzitsitsira ndekha kuti ngakhale atandipatsa gawo limodzi mwa magawo khumi, sindidzagwiranso choko.

Masabata awiri otsatira ndinali munthu wina. Ahedi akandiitana ndinkapita mosathamanga. Bonya ndinasiya kudya, ndinati akundipweteka m'mimba. Ndinakafunsa mitengo ya mapuloti ku Matawale, ndipo mwini puloti ina ndinamuuza kuti yachepa. Amayi akunyumba ankafunsa za anapiye m'mawa uliwonse, ine n'kumati oda yachedwa ku Blantyre.

Ku Blantyre ndinapitadi, koma ku Limbe, kwa munthu wina wogula miyala amene alamu anamupeza kudzera mwa anzawo. Miyalayo ndinaibisa m'jumbo ya nandolo, ndipo pa rodibuloko iliyonse thukuta linkatsika mpaka m'masokosi. Wogulayo anathira zidutswa zingapo patebulo, anatenga kachipangizo konga cholembera chonenepa, kokhala ndi kansonga kachitsulo. Kameneka kamayeza mmene mwala ukuthamangitsira kutentha, pakuti dayamondi amatulutsa kutentha msanga kuposa ngakhale kopa. Anagunditsa pa mwala wanga. Zii. Pa wina. Zii. Anagunditsa pa kamwala ka pamphete yake, kachipangizo n'kulira ngati mwanapiye.

"Mwina batire lafooka," ndinatero.

Analiritsanso pamphete paja.

"Mwina makina anuwa ndi a dayamondi woyera yekha."

Munthuyo anali waulemu. Sanaseke, anangopukuta magalasi ake kwa nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Anandilembera pakapepala malo amene kumakhala madala ena ku Chinamwali, amene anagwira ntchito yofufuza miyala mpaka kupuma. Anati, "Mwasiya dokotala kwanu komwe, aphunzitsi." Ndinatuluka ndili wotsimikiza kuti akufuna kundigwetsa mphwayi kuti agule motchipa.

Madalawo ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Ndinawafotokozera zonse, za galasi, za 3.54, za British Central Africa. Anamvetsera osandidula. Kenako anatuma mdzukulu wawo kuti akatole nsangalabwi pabwalo, abweretsenso sosala, tochi ndi lichero la pansi pa bedi.

Anatenga chidutswa changa chimodzi, anasankha mbali yosalala, n'kukhwekhwerezapo nsangalabwi ija. Anapukuta ndi chala chonyowa, anandipatsa. Panali mzere. Mwala wa pabwalo, umene nkhuku zimapalasa, unali utakanda dayamondi wanga.

"Mu 1812," anatero, "munthu wina wa ku Germany, Friedrich Mohs, anandandalika miyala khumi, kuyambira wofewetsetsa mpaka wolimbitsitsa. Wapamwamba amakanda wapansi. Dayamondi ali pa 10, ruby ndi sapphire pa 9, nsangalabwi iyi, imene ndi quartz, ili pa 7. Galasi la pazenera lili cha pa 5 ndi theka basi. Mchenga wa mu Likangala umakanda galasi, aphunzitsi. Wanuyu ali pa 6. Galasi analiposa ndi theka lokha, inu n'kumupatsa ufumu."

Anatembenuza sosala, n'kukhwekhwereza chidutswa changa pa kamkombero ka kunsi kamene sikanyezimira. Chinasiya ufa wotuwa, wopita kuchikasu. Dayamondi, anati, sasiya ufa, amalima mbaleyo. Anasankha kachibenthu kopyapyala ngati chikhadabo, poti nyundo yanga inawakonzera tambiri, n'kuyatsa tochi kuseri kwake. M'mphepete munawala mobiriwira ngati botolo. Pomaliza anandionetsa mmene zidutswazo zinang'ambikira: mbali ziwiri zosalala zokumana pafupifupi ngati kona ya njerwa. Anatenga cholembera changa chofiira, chimene ndimachongera ana, n'kulemba pa chikhatho changa: aegirine.

Ndinawerenga mokweza. Linatuluka ndendende mmene ankanenera mnyamata uja.

Anandiuza kuti mwalawu unapatsidwa dzinali mu 1835 ku Norway, potengera Aegir, mulungu wa nyanja m'nthano za kumeneko, ndipo kudako kumabwera ndi chitsulo chimene chili m'kati mwake. Nditafunsa za 3.54 uja, pamenepo ndiye anaseka mpaka kutsokomola. Aegirine amalemera pakati pa 3.5 ndi 3.6. Pa miyala yonse yakuda ya m'dziko muno, ndinakasankha umene umalemera ngati dayamondi, n'kuuyeza ndi muyeso umene sukanatha kuwasiyanitsa. Anawonjezera kuti carbonado weniweni kawirikawiri safika n'komwe pa 3.52, chifukwa amakhala ndi timibowo, ndipo maonekedwe ake ali ngati khala lopserera, osati mkondo wonyezimira.

"Masamu anu anali olondola," anatero. "Koma dzina munaupatsa musanauyeze. Ndiye munkangoufunsa mafunso amene mumadziwa kuti uyankha inde."

Kenako anavundukula lichero. Munali miyala yoposa khumi, yonse yakuda. Anati ndisankhe m'bale wake wa wanga. Ndinaloza wina wautali, wonyezimira. Anandiuza kuti ndiuyang'ane kumutu. Unali wa mbali zitatu zotukumuka, ndipo mlitali mwake munali timizere ngati ta pa malata. Ameneyo anali tourmaline wakuda, wotchedwa schorl, wa ku Mzimba, kumene amapezeka m'migodi imodzimodzi ndi aquamarine. Sang'ambika mosalala ngati aegirine, ndipo nsangalabwi siithana naye. Anandiuza kuti tourmaline akafunditsidwa amakoka phulusa, moti amalonda a ku Holland m'zaka za m'ma 1700 anamupatsa dzina lotanthauza wokoka phulusa.

Wina, wolemera modabwitsa ndi wonyezimira ngati mpeni, atamukhwekhwereza pa sosala anasiya mzere wofiira ngati magazi ouma: hematite. Mnzake wofanana naye anasiya mzere wakuda, ndipo analumphira pa maginito a m'sipika yakale: magnetite. Wina tochi inamulowa n'kuonetsa mtundu wa tiyi wopanda mkaka, ameneyo anali quartz wautsi, mnzake wa aegirine kuphiri komwe kuja. Panali kamgolo kakang'ono ka mbali zisanu ndi imodzi, kakuda mopita kubuluu, kamene nsangalabwi inangoterereka osasiya kanthu: sapphire wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu, wakuda kwambiri moti sangalowe pamphete yodula. Panali mkanda wopepuka ngati pulasitiki, wosazizira m'manja, umene anapatsidwa ndi mnzawo wa ku England. Umenewo ndi jet wa ku Whitby, mtengo wakalekale umene unasanduka khala, ndipo unatchuka Mfumukazi Victoria atayamba kuuvala polira mwamuna wake amene anamwalira mu 1861. Womaliza, wosweka mozungulira ngati botolo, m'kati muli timathovu, sunali mwala n'komwe koma zotsalira za mung'anjo. Anati umenewo ndi umene anthu anawabweretsera kambirimbiri, ena ataukulunga m'Baibulo.

"Chichewa chathu chimatisocheretsa," anatero akubwezera miyalayo. "Tikati mtundu, timanena maonekedwe, wakuda, wofiira. Tikatinso mtundu, timanena fuko. Inu munaona mtundu woyambawo n'kuyesa mwadziwa wachiwiri. Mwala wofiira kapena wobiriwira umakulozerako njira. Wakuda umatseka pakamwa, chifukwa kuwala sikudutsa. Uyenera kuufunsa kangapo, mafunso osiyana, n'kumvera limene wakana."

Za mayina anali nazo zambiri, ndipo chinangwa chinaiwalika. Anati amalonda amakonda kubwereka dzina la mwala wodula n'kuliveka wotchipa. Umene amautcha Alaska black diamond ndi hematite. Herkimer diamond wa ku New York ndi quartz. Smoky topaz wa m'masitolo kawirikawiri ndi quartz wautsi yemwe uja. Onyx wakuda wambiri wa m'mphete za amuna ndi mwala wa m'banja la agate, longa limene amakumba ku Ngabu, umene aunyika m'madzi a shuga kenako mu asidi mpaka shugayo kupserera m'kati, luso limene linatchuka ku Idar-Oberstein ku Germany. Kuti anditonthoze anandiuza za mwala wofiira wa makarati pafupifupi 170 umene uli kutsogolo kwa chisoti chachifumu cha ku Britain. Kwa zaka mazana ambiri mafumu ankautcha ruby, ndipo mpaka lero umatchedwa Black Prince's Ruby, chonsecho ndi spinel. Akatswiri anasiyanitsa miyala iwiriyi mu 1783.

"Ndiye si inu oyamba," anatero.

"Koma mafumuwo sanakongole ku banki mkhonde," ndinatero.

Ndikanachoka pamenepo ndikanapita ndi bala limodzi. Koma pofuna kuonetsa kuti sindinali wopusa kwenikweni, kuti chinthucho chinali chokopa ndithu, ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha mwala wa mikondo isanu uja. Madala anavala magalasi. Anakulitsa chithunzicho ndi zala. Anakhala chete.

"Uli kuti umenewu?"

Ndinaloza jumbo.

Anayang'ana jumbo, anayang'ana ine, anayang'ananso foni. Anavula magalasi n'kuika pa lichero. Atayankhula, mawu awo anali otsika ngati a pamaliro. Anati aegirine wa ku Malosa ndi mmodzi mwa okongola kwambiri pa dziko lonse, ndipo ali m'nyumba zosungiramo zinthu zachilengedwe ndi m'makabati a anthu osonkhanitsa miyala kumayiko akunja. Ogula ake safuna makarati. Amafuna mwala mmene unamerera: nsonga zosabenthuka, utaima pa feldspar woyera uja, ndi anzake autsi m'mbali. Zoyera zimene ndinataya kudzala zinali mpando wake.

"Mnyamatayo anakugulitsani bwino," anatero. "Pa umenewu wokha, mukanakhala ndi chiphaso chogulitsira miyala n'kupeza wogula woyenera, simukanalira. Munalidi ndi chuma, aphunzitsi. Mwachita kuchisinja."

Anandipatsa chinangwa chophika. Sichinatsike.

Kwa amayi akunyumba ndinaulula usiku womwewo, nditakhala pampando wa alendo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati kugogoda kwa usiku uja anakumva, ndipo anasangalala poganiza kuti ndayamba kukhoma khola. Sanakalipe. Anangotenga jumbo ija n'kuitsekera m'sutikesi yawo, nati imeneyi ndi chikole. Mawa lake anapita kudzala ndi khasu, anafukula zoyera zija, anazitsuka, nazonso n'kuzitsekera momwemo. Ndinafunsa kuti n'zantchito yanji. Anati akufuna katundu wawo akhale wokwanira.

Kumapeto kwa May chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndiye ngongole ya alamu, imene inali ya marandi, inakula ndili m'tulo. Ya banki mkhonde inkakula yokha mwezi ndi mwezi. Ndinagulitsa njinga, ndinayamba kuphunzitsa ana a eni ake madzulo ndi Loweruka, ndipo bonya anasiya kundipweteka m'mimba. Amayi a m'gulu lija akandiona pamsewu amandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kufunsa ngati nkhuku zayamba kuikira.

Mnyamata uja ndinakumana naye kamodzi pa depoti ya Zomba. Anandithamangira ndi chimwemwe.

"Bwana! Uja wa nyanga zisanu ali bwanji? Munapeza mzungu?"

Ndisanayankhe anayamba kufotokoza mmene anamuchotsera. Anati anatha masabata atatu akulendewera pa chingwe, akukokota dothi la m'mphako ndi kamtengo ndi zala, osalola chitsulo kuyandikira, kuopa kugwedeza nsonga. Potsika phiri anamubereka kumsana ndi chitenje cha mayi ake.

Ndinati ali bwino. Ndinati ali m'sutikesi, pamalo otetezeka. Zonsezo zinali zoona mbali imodzi, koma ndi bodza limene limandiwawa kuposa la nkhuku. Ngati nkhani ino imupeza, achimwene, pepani, ndinamuphwanya ndi nyundo ndi msomali wa sikisi inchi, ndipo dzina lake munandiuza kawiri.

Kwa inu ena, ngati alipo wofuna aegirine wa ku Malosa woswekasweka, makilogalamu 2.1, wotsukidwa kale ndi sopo, alipo. Feldspar wake tikupatsani padera. Za mtengo mukambirane ndi amayi akunyumba, chifukwa kiyi wa sutikesi ali ndi iwo.